Mayina a Lachiwiri pa Wailesi ya Shiokaze

Wailesi ya Shiokaze inali ndi miyezi itatu yokha, koma inali itayambanitsa kale anthu ambiri kuposa mowa. Kwathu ku Minatsu tinazolowera wailesi ya boma, yolankhula ngati mphunzitsi wamkulu. Tsono mu 1953 kunabwera iyi ya amalonda, yomwe inkati ikaimba kanyimbo kamodzi, n'kukuuza sopo woti ugule. Inkaulutsira m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsanjika zinayi, makoma atakutidwa ndi mabulangete akale a asilikali kuti phokoso la pamsika lisalowe. Mphepo ya kunyanja ikakula, mawu ankathawa n'kubwerera okha. Achinyamata ankaikonda. Akuluakulu ankaitukwana, koma kutseka ayi.

Munthu mmodzi amene sanailole n'komwe pakhomo pake anali a Kuramochi, opanga msuzi wa soya. Banja lawo linali litasunga migolo ya mkungudza yopangiramo msuziwo mibadwo isanu, ndipo m'mibadwo yonseyo palibe anaimapo pamsewu kuitanira malonda.

"Chinthu chabwino sachifuulira," ankatero. "Ukaona munthu akuimbira katundu wake nyimbo, dziwa kuti katunduyo ndi wowola."

Tsoka lake, mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, Hatsue, anali atakonda munthu wofuulira katundu. Tatsuji Nonomura, muulutsi wa ku Shiokaze, anabwera tsiku lina kudzapempha a Kuramochi kuti azilengezetsa msuzi wawo pa wailesi. Anapirikitsidwa tiyi asanazizire, mpaka kuiwala chipewa. Hatsue anamuthamangira nacho mpaka pamlatho. Kupereka chipewa ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma awiriwa inawatengera ola lathunthu.

Lachisanu lina kumapeto kwa Novembala, azakhali ake a Hatsue, a Otoki, mlongo wa bambo ake, anafika ndi chithunzi atachikulunga m'kansalu.

"Taona, mwana iwe. Genzaburo uyu, mwana wachitatu wa ofulula mowa a kumtunda kuja. Migolo amaidziwa. Dzina lake alibe nalo ntchito, akulu ake alipo awiri olisunga. Ukufunanso chiyani?"

"Makutuwo, azakhali. Akuoneka ngati akufuna kuuluka."

"Sukwatiwa ndi makutu."

"Ngakhale mwini makutuwo sindikwatiwa naye."

A Kuramochi anaika kapu yawo pansi. "Hatsue, ine ndilibe mwana wamwamuna. Wokukwatira iwe adzalowa m'nyumba muno ngati mkamwini, dzina lake adzalisiya pakhomo pamodzi ndi nsapato, n'kukhala Kuramochi mpaka imfa. Apo ayi, migolo iyi itha ndi ine."

"A Tatsuji avomera zimenezo, bambo."

"Wogulitsa mawu uja?"

"Ndi mwana wachiwiri. Ali ndi mkulu wawo, a Shuichi, wosunga dzina la kwawo."

"Mkulu wakeyo ali kuti?"

Aliyense ankadziwa kuti Shuichi anagwidwa ndi asilikali a ku Russia nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo zaka zisanu ndi zitatu zinali zitadutsa ali ku Siberia.

"Akubwera," anatero Hatsue. "Lachiwiri sitima ikufika padoko la Maizuru ndi akaidi omasulidwa. Shiokaze iwerenga mayina a anthu a kuno."

Azakhali anaseka chogwira pamimba. "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, mwanawe, wapachala ndi wamphepo. Akwawo a Genzaburo akubweretsa mphatso za chinkhoswe Lamulungu la sabata yamawa. Ndiwauze kuti adikire sitima?"

"Musawauze kanthu." Hatsue anatembenukira kwa bambo ake, mawu ali nji. "Bambo, loleni wailesi ilowe muno tsiku limodzi lokha. Dzina la a Shuichi likamveka pakati pa obwerawo, muwalandire a Tatsuji, mumve zonena zawo. Likapanda kumveka, Lamulungulo ndidzagwada ndekha kulandira mphatsozo."

A Kuramochi anamuyang'ana. Khama limenelo ankalidziwa komwe linachokera, pakuti ankaliona m'galasi m'mawa uliwonse akamameta.

"Tsiku limodzi," anatero. "Ikangoyamba zogulitsa sopo, ndiiponya mumgolo."

*

Loweruka masana Hatsue anakwera masitepe onse a sitolo ija mpaka padenga, pomwe antchito a wailesi ankadyera chakudya chamasana. Anapeza Tatsuji atakhala pabokosi, akupemerera manja chifukwa cha kuzizira. Atamufotokozera za panganolo, mnyamatayo anaimirira ngati wakhalira singano.

"Wabetcha ukwati wathu ndi sitima? Hatsue, mutu wako ukuyenda bwino?"

"Inuyo mwakhala miyezi itatu mukuti 'tidikire, tidikire'. Pawailesi pakamwa panu sipatsekeka, koma mukaona bambo anga mumasanduka nsomba."

"Bambo ako sindiwaopa."

"Chipewa chija munachisiya chifukwa cha kulimba mtima?"

Tatsuji anaseka pang'ono, kenaka nkhope inagwa. "Ine dzina la Kuramochi ndikhoza kulitenga lero lomwe. Ngakhale ntchitoyi ndingaisiye n'kumakatakasa soya. Koma mayi sangadinde chidindo chawo papepala la ukwati achimwene asanabwere."

"Malamulo anasintha. Munthu wamkulu safunikanso chidindo cha makolo."

"Malamulo anasintha, mayi anga sanasinthe. Kalata yomaliza ya achimwene inafika zaka ziwiri zapitazo. Nanga akapanda kukhala m'sitimayo?"

"Alimo."

"Wadziwa bwanji?"

"Chifukwa ndilibe kwina koponda," anayankha Hatsue. Anali ndi mantha ndithu, koma anali atatsimikiza kuti Tatsuji asawaone.

Chitseko cha padenga chinatseguka. Anatulukira Ayame Shiraishi, mtsikana amene ankawerenga malonda pambali pa Tatsuji, tsitsi lopotanapotana, milomo yofiira ngati wadya nthudza zosapsa bwino n'kudziluma yekha. Tauni yonse inkati mawu a awiriwa amakhalana, ndipo Ayame sankatsutsa.

"Ndimadabwa kuti fungo la soya likuchokera kuti," anatero akumwetulira. "Kani ndi achemwali a kumigolo. A Tatsuji, kwatsala mphindi zisanu."

Anayandikira n'kumukonzera tayi Tatsuji, tayi yoti inali yowongoka kale.

"Musavutike, achemwali," anatero Hatsue. "Ndinaimanga ndine dzana, sinamasuke."

"Kumanga tayi n'kosavuta. Koma ine mwamuna amene ndimamukonda sindingamuuze kuti ataye dzina la bambo ake ngati chovala chong'ambika."

Mawuwo analasa pamtima, ndipo Ayame anadziwa kuti alasa. Hatsue anatsika masitepe aja akuwerenga limodzilimodzi kuti asalire pamaso pa ogulitsa nsalu.

*

Sanapite kwawo. Analunjika kuseri kwa doko, kukanyumba ka mayi a Tatsuji, mayi wamasiye wosoka maukonde. Anawapeza atagwada patsogolo pa chithunzi cha Shuichi atavala za usilikali. Pansi pa chithunzicho panali kathebulo, pakathebulopo mbale ya mpunga yovindikira, kansomba kouma ndi timitengo todyera. Zaka zisanu ndi zitatu, m'mawa ndi masana, mayiwo ankamupakulira mwana wawo ngati ali m'chipinda china.

"Wafika nthawi yabwino, mwanangu. Bwera udzaone."

Anavundukula mbale ija n'kutembenuza chivindikiro. Kunsi kwake kunali timadontho tamadzi.

"Waona? Chachita thukuta. Munthu akakhala moyo, chivindikiro cha mbale yake chimachita thukuta. Tsiku limene adzamwalire chidzauma. Sichinaumepo n'kamodzi komwe."

Hatsue anakulira pakati pa nthunzi ya soya wowiritsa, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti mpunga wotentha umanyowetsa chivindikiro chilichonse. Anatseka pakamwa. Komanso kunena zoona, tsiku limenelo iye yemwe ankafuna kukhulupirira chivindikirocho kuposa nzeru zake.

"Mayi, a Shuichi akabwera, a Tatsuji mudzawalola?"

"Ana aamuna awiri m'kanyumba aka angagone pati? Shuichi akangoponda pakhomo apa, Tatsuji mutenge. Amadya kwambiri, ndikuchenjezeretu."

Anaseka onse awiri. Kenaka Hatsue anayang'anayang'ana m'nyumbamo, osaona wailesi.

"Lachiwiri mukamvera kuti mayinawo?"

"Ndikaima panja pa sitolo ya mawotchi, amaika yawo pawindo."

"M'chisanu chino? Iyayi, mayi. Mubwere kwathu, mudzakhale pafupi ndi moto, mudzamve dzina la mwana wanu ngati munthu wolemekezeka."

Ananena zimenezi ndi mtima wabwino. Koma analinso ndi kanzeru kake: ankafuna kuti bambo ake aone misozi ya chimwemwe ya mayiwa ndi maso awo, kuti asadzapeze pothawira.

*

Lachiwiri linafika ndi chipale chofewa. Wailesi yobwereka kwa ometa tsitsi inakhazikidwa m'chipinda cha alendo cha a Kuramochi, ndipo pofika 2 koloko masana chipindacho chinali chitadzaza ndi anansi. Mayi Nonomura anakhala pafupi ndi mbaula, atavala kimono yawo ya paukwati yomwe inali itawakulira. Azakhali a Otoki anakhala pakona, manja atapinda ngati woweruza.

Poyamba anamveka Ayame, kulengeza kuti nthawi imeneyi yaperekedwa ndi opanga mankhwala a m'mimba.

"Mwamva?" anadzuma a Kuramochi. "Anthu akudikira ana awo, iwo akugulitsa mankhwala otsegula m'mimba."

Kenaka anabwera mawu a Tatsuji. Anafotokoza kuti mtolankhani wawo ali padoko ku Maizuru, akutchula mayina patelefoni, wina akulemba pamanja n'kumamupatsira iye pepala limodzilimodzi. Shiokaze inalibe makina ojambulira mawu oti n'kusungira zoterezi. Muulutsi ankaona dzina nthawi yomweyo imene akulitchula, pamodzi ndi tauni yonse.

Anayamba. Dzina, mudzi, zaka. Dzina lachinayi litamveka, mkazi wa wogulitsa makala anakuwa n'kuthamangira panja wopanda nsapato. Anthu analira, ena kuseka. Hatsue ankamva mapepala akukhwekhwereza, ndipo pepala lililonse likatha ankafinya chala chimodzi m'manja mwake. Atafinya zala zisanu ndi chimodzi, Tatsuji anati:

"Amenewa ndiwo anthu a chigawo chathu amene atsika m'sitima lero, makumi atatu ndi mmodzi."

Azakhali anatsokomola. Mayi Nonomura anamusisita Hatsue bondo.

"Usadandaule, mwanangu. Kubwera ina. Anati sitima zilipo zingapo."

Koma wailesi inali isanamalize.

"Talandira pepala lina," anatero Tatsuji. "Akaidi sanaloledwe kutuluka ndi cholembedwa chilichonse. Choncho anzathuwa analoweza pamtima mayina a anzawo amene anamwalira kumeneko, aliyense mayina ake, kuti adzawafikitse kwawo. A chigawo chathu ndi awa."

Anawerenga loyamba, lachiwiri, lachitatu. Atafika pa lachisanu, mawu anaduka.

Lamulo loyamba la Shiokaze, lomwe ngakhale ana a sukulu ankalidziwa, linali loti wailesi isakhale chete, pakuti anthu amaganiza kuti yafanso n'kupotokolera ku ya boma. Tsiku limenelo inakhala chete mpaka kumveka kupuma kwa munthu. Chapatali anamveka Ayame akunong'ona, "Ndipatseni, ndiwerenge ine." Pepala linakhwekhwereza, koma silinachoke m'manja mwa mwini wake.

"Nonomura Shuichi," anatero Tatsuji, momveka bwino, chilembo chilichonse pamalo pake. "Wa ku Minatsu, kuseri kwa doko. Anamwalira ndi chibayo mu Febuluwale chaka chatha. Anzake akuti sanafe yekha, anamugwira dzanja."

Anapuma kamodzi, n'kupitiriza. Panali patatsala mayina khumi ndi limodzi, ndipo onsewo anawawerenga mofanana ndi la mkulu wake, osathamanga, osameza ngakhale mudzi umodzi.

Mayi Nonomura sanakuwe. Anayang'ana Hatsue ngati mwana wofunsa njira.

"Koma m'mawa uno chinachita thukuta," anatero. "Chaka chonse chatha chinkachita thukuta. Ndiye ndinkapakulira ndani?"

Hatsue ndiye anawaitana mayiwa kuti adzamve zimenezi pakati pa anthu, m'nyumba ya eni, atavala za paukwati.

A Kuramochi anadzuka, n'kukagwada pamaso pa mayiwo mpaka chipumi kugunda mphasa. Kenaka anawafunditsa chikhoto chawo, n'kuwaperekeza okha mpaka kuseri kwa doko.

*

Anabwerako dzuwa likulowa, n'kupeza Hatsue atakhala pomwe paja. Wailesi inali idakalipo, ikuimba motsitsa. Sanaiponye mumgolo.

"Ndinamulakwira mnyamata uja," anatero akukhala pansi. "Mabanja khumi ndi limodzi anali kudikira kumbuyo kwa dzina la mkulu wake, ndipo sanawasiye panjira. Munthu wotero angathe kudikira mgolo zaka ziwiri osauvundukula. Ndikanamulandira ndi manja awiri."

"Ndiye mulandireni, bambo."

"Ndimulande mayi wamasiye mwana amene wamutsalira? Dzina la Nonomura lithe kuti la Kuramochi likhale? Zimenezo sindingachite, ngakhale mayiyo atandigwadira."

"Nanga ine?"

"Iwe unapangana nane pamaso pa azakhali ako. Dzinalo silinamveke pakati pa obwera."

"Linamveka pa wailesi."

"Hatsue." Mawu awo anali ofewa, ndipo kufewako kunapweteka kuposa ukali. "Usasewere ndi maliro a eni. Lamulungu uvale kimono ya malemu mayi ako."

*

M'mawa mwake Hatsue anakulunga mpunga ndi zofukiza m'kansalu, n'kulunjika kuseri kwa doko. Sanagone bwino, koma anadzuka akudziwa chinthu chimodzi: Genzaburo ndi makutu ake akakwatire kwina.

Pakhomo pa kanyumba kaja anapeza nsapato zazitali zidendene, zofiira, zitaikidwa mwaulemu kuyang'ana kunja. Mwini wake anatulukira kukhitchini atamanga epuloni ya mayi Nonomura, milomo yosapaka kanthu.

"A Tatsuji kulibe," anatero Ayame. "Apita kukawerenga nkhani za m'mawa. Wailesi siferedwa. Anati mukabwera ndikupatseni aka."

Kanali kapepala kong'ambidwa ku mapepala a kuntchito. Kumbuyo kwake kunali malonda a sopo. Kutsogolo kunali mizere iwiri: "Hatsue, undikhululukire. Dzinali latsala pa ine ndekha, sindingalisiye pakhomo pa munthu."

Anakapinda kanayi n'kukalowetsa m'lamba wa kimono yake. Mkati, mayi Nonomura anali atagwada pamalo awo a masiku onse. Mbale ya mpunga inalipo, koma lero inali yosavindikira.

"Mayi, ndabwera kudzapepesa. Ndinalakwa kukuitanirani pagulu."

"Sunamuphe ndiwe." Sanatembenuke. "Ndinakulonjeza mwana mmodzi mwa awiri. Lero ndili ndi mmodzi, ndipo ameneyo ndi Nonomura mpaka adzandiike m'manda. Mtsikana ali kukhitchiniyo wafika kusanache. Ali ndi alongo atatu kwawo, dzina la bambo ake silimulemera."

"Amenewo amadziwa kuwerenga malonda, mayi. Mpunga aupsereza, fungo likumveka mpaka kuno."

Mayiwo anatembenuka tsopano, maso otupa koma akuthwa. "Pakamwa ulipo. Tsono tamvera. Ngati ukumufuna mwana wanga, khomo ndi ili. Koma ukalowa muno ngati mpongozi, dzina la Kuramochi ulisiye pomwepo pamodzi ndi nsapato zakozo. Ungathe?"

Hatsue anayang'ana kumapazi kwake. Anaganiza za migolo ija, ina yakale kuposa agogo ake, ndi za bambo ake akuigogoda m'mawa uliwonse ngati akudzutsa ana. Ankaikonda migoloyo, ndipo bambo akewo ankawakonda koposa. Anavula nsapato yakumanja, kenaka yakumanzere, n'kuziika pambali pa zofiira zija. Anakwera pamphasa.

Ndipamene anamva kumbuyo kwake kugogoda kwa nsapato zamatabwa, kuyenda kumene anakudziwa chibadwire. A Kuramochi anali ataima pakhomo atavala zakuda, m'manja atanyamula botolo la msuzi wa mumgolo wakale kwambiri, umene sankagulitsa kwa munthu. Anabwera kudzapepesa maliro, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti amva zonse.

"Hatsue," anatero motsitsa. "Vala nsapato zako."

Misozi inatsika, koma Hatsue sanaipukute. Anatulutsa kachingwe m'lamba wake, n'kumanga manja a kimono yake kumsana monga amachitira mkazi woyamba ntchito za pakhomo pake.

"Ndamva, bambo," anatero. "Koma pano pali maliro, ndipo mpunga ukupserera."

Analowa kukhitchini. Botolo lija linatsala m'manja mwa bambo ake, ndipo nsapato zake zinatsala pakhomo pa a Nonomura.